Makwerero atagwa ku Mulunguzi: zimene inshuwalansi inalipira ndi zimene inakana

Lipoti ili ndi la claim, pempho la malipiro ku kampani ya inshuwalansi, imene ndinayendetsa m'malo mwa kasitomala wanga, bambo wa ku Chinamwali amene amatsuka mawindo payekha, wopanda bwana womulemba ntchito. Ine ndimagulitsa inshuwalansi kuno ku Zomba, ndipo kasitomala akaona ngozi ndine ndimamulembera mapepala ndi kumulankhulira ku kampani. Mayina a anthu, a ofesi ndi a kampani ndawasiya dala. Pa ngozi imodzi panavulala anthu atatu, panawonongeka galimoto ndi magalasi, ndipo inshuwalansi yake ya public liability, yolipira anthu ena ukawavulaza kapena kuwononga katundu wawo, inalipira zina nkukana zina. Zimene inakana inakana molondola, kupatulapo chimodzi chimene tinachita kulimbirana.

Munthu wake ndi ntchito yake

Ntchito yotsuka mawindo ku Zomba ilipo ndithu, kungoti ambiri saiona. Tauni ino inali likulu la dziko mpaka 1975, Nyumba ya Malamulo inakhala kuno mpaka 1994, ndipo nyumba zimene boma linamanga m'munsi mwa phirimu zidakalipo: makhonde aakulu, mawindo ataliatali, mafelemu a matabwa, zina zosanja. Lero mukukhala mabungwe, maloji ndi aphunzitsi a ku yunivesite ku Chirunga. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limamata pa galasi, nkhungu ya Juni ndi Julayi imasiya mizere, ndipo wantchito wa m'nyumba safikira windo lapamwamba. Bamboyu amadyera pamenepo.

Zida zake ndi makwerero a aluminiyamu otambasuka, ndowa ziwiri, sopo wotsukira mbale, kamphira kokokera madzi pa galasi, ndi mtolo wa nyuzipepala zakale zomalizitsira. Zonse amamanga pa njinga. Amayenda ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata amene amakhala naye pakhomo ndipo amamupatsa kangachepe tsiku limene agwira ntchito.

Inshuwalansi sanaigule mwakufuna kwake. Bungwe lina limene likuchita lendi nyumba yosanja ku Mulunguzi linamuuza kuti kontrakiti ya chaka ilipo, koma abweretse kaye satifiketi ya public liability. Palibe lamulo la dziko lino lokakamiza wotsuka mawindo kukhala nayo, monga mmene Road Traffic Act imakakamizira mwini galimoto kukhala ndi third party, inshuwalansi yolipira anthu ena pa ngozi ya pamsewu. Ngakhale ku Britain, kumene otsuka mawindo odzilemba okha ntchito ndi ochuluka, public liability si yokakamiza; chimene lamulo lawo la 1969 limakakamiza ndi inshuwalansi ya antchito ako ukalemba ena ntchito. Okakamiza enieni ndi makasitomala, ndipo mabungwe amene malikulu awo ali kunja ndiwo sanyengerera.

Pa fomu yofunsira inshuwalansi tinakhalitsa pa mafunso atatu: ntchito yeniyeni imene amagwira, kutalika kumene amakwera, ndi anthu amene amagwira nawo. Pa lachitatuli anafuna tilembe kuti amagwira yekha. "Achimwene, uyu ndi mwana wa mlongo wanga, si wantchito," anatero. Tinalembabe kuti ali ndi womuthandiza mmodzi. Fomu imeneyi ndiyo maziko a mgwirizano wonse, ndipo kabodza kamene kalowa pamenepo kampani imatha kukavumbulutsa tsiku la claim nkukana zonse. Pa kutalika, policy, chikalata cha mgwirizanowo, inamulola kukwera mpaka mamita 10 kuchokera pansi. Ndinamuuzanso za personal accident, inshuwalansi ya thupi lake iye mwini. Anati ndalama yachepa, tidzaone chaka chamawa.

Tsiku la ngozi

Unali mmawa wa mu Julayi, chiperoni chitagwa usiku wonse. Mawindo a pamwamba pa nyumbayo ndi a maluvazi, ndipo iye amawasolola limodzilimodzi, kuwatsuka mbali zonse, kenaka kuwabwezera m'tizitsulo tawo. Anaimika makwerero pa simenti ya m'mbali mwa nyumba. Pamalopo gatala inkadontha kuyambira kalekale, moti pansi panamera ndere yoterera ngati therere. Mnyamata amene amayenera kugwira makwererowo anali atamutuma kukatunga madzi ku mpope wa kuseri.

Miyendo ya makwerero inatsetsereka. Nsonga yake inatsika ndi khoma nkuswa galasi lalikulu la windo la pansi, kenaka makwererowo anapendekera m'mbali nkugwera galimoto ya mlendo imene inaima pafupi. Galasi lakutsogolo linasweka, boneti inapindika. Bamboyu anagwa natsamira dzanja, mkono nkuthyoka pafupi ndi chikhatho. Mnyamata uja ankabwera ndi ndowa. Anaiponya nkuthamangira makwerero kuti awagwire, ndipo makwererowo anamumenya mpaka fupa la paphewa linathyoka. Maluvazi anayi amene anawasanjika pa kakhoma ka windo anagwa. Pansi panali mayi wina wogulitsa sitiroberi ndi nthochi m'maofesi, atatula beseni lake podikira makasitomala. Chidutswa cha galasi chinamucheka pamwamba pa phazi, ndipo ku chipatala cha Central anakamusoka.

Mwini galimoto anatuluka mtima uli m'mwamba. "Mundikonzera galimoto imeneyi, apo ayi tikumana ku polisi." Bamboyu, mkono ukulendewera, anasaina kapepala kong'ambidwa m'kope la alonda a pageti, kolembedwa kuti wavomera kulakwa ndipo adzalipira zonse. Madzulo ake anatumiza ndalama pa Mpamba kwa mayi uja kuti agulire mankhwala. Ine anandiimbira foni zonsezi zitachitika kale.

Kapepala kameneka kakanatha kugwetsa claim yonse. Policy ya mtundu uwu imaletsa kasitomala kuvomera mlandu, kulonjeza malipiro kapena kulipira popanda chilolezo cha kampani. Chifukwa chake nchomveka: ndalama zotuluka ndi za kampani, ndiye kampaniyo imafuna ifufuze yokha ngati mlandu ulipo, ndi waukulu bwanji, ndiponso ngati palibe wina woyenera kusenza nawo. Kwathu kuno munthu ukavulaza mnzako suthawa, umapita naye kuchipatala, umakamuzonda, ndipo palibe kampani imene ingakuletse zimenezo. Chimene imakana ndi siginecha. Tsiku lomwelo ndinalembera kampani imelo yowadziwitsa za ngoziyo, ndinatumiza zithunzi za ndere ija, za makwerero ndi za galimoto, ndinayeza ndi tepi kuchokera pansi kufika pa windo, ndipo sipanakwane mamita 6. Kapepala kaja ndinakatumizanso. Kukabisa kukanakhala kupusa, pakuti mwini galimoto anali atakajambula kale pa foni. Kampani inayankha kuti ifufuza koma sikulonjeza kanthu, ndipo inatumiza assessor, wofufuza ngozi ndi kuwerengera zowonongeka, kuchokera ku Blantyre.

Wolakwa anali ndani

Apa ndi pamene makasitomala ambiri amasochera. Public liability silipira chifukwa chongoti munthu wavulala pamene iwe ukugwira ntchito. Imalipira zimene lamulo likanakukakamiza iweyo kulipira munthu wina chifukwa cha kusasamala kwako, pamodzi ndi ndalama za maloya ngati nkhani yafika kukhoti. Ngati sunalakwe, kampani silipira wodandaulayo, koma imakuimira pomukana. Ntchito yachiwiriyi anthu saiwerengera, chonsecho kalata imodzi ya loya ikhoza kumusowetsa tulo munthu wa njinga ndi ndowa.

Lamulo la kusasamala limene makhoti athu amatsata linachokera ku Britain. Mlandu umene amautchula kawirikawiri ndi wa Donoghue v Stevenson wa 1932, wa mayi wa ku Scotland amene anamwa chakumwa cha m'botolo mu tauni ya Paisley, m'botolomo muli nkhono yowola. Lord Atkin ananena pa mlanduwo kuti munthu ayenera kusamala kuti asavulaze aliyense amene akudziwa kuti zochita zake zikhoza kumukhudza. Woimika makwerero pa ndere, popanda wowagwira, pansi pali anthu ndi galimoto, alibe pothawira. Assessor anaona chimodzimodzi, ndipo analemba kuti kapepala kaja sikanaipitse kanthu, popeza ngakhale pakanapanda siginecha mlandu unali woonekeratu. Kampani inavomera claim. Zikanakhala kuti kulakwa kwake nkokayikitsa, nkhani ikanakhala ina.

Kasitomala wanga anali ndi mfundo yake, ndipo sinali yopanda pake. Gatala yodonthayo sinali yake. Anafunsa chifukwa chimene a ofesi, kapena mwini nyumba, sakusenza nawo mlanduwo. Ndinaipereka mfundoyi kwa assessor, koma ndinadziwa kuti siipita patali. Pali mlandu wina wa ku England wa wotsuka mawindo weniweni, General Cleaning Contractors v Christmas, wolembedwa m'mabuku a milandu a 1953. Bambo Christmas ankatsuka windo la nyumba ya Caledonian Club ku London ataima pa kakhoma ka kunja, windo linatsika mwadzidzidzi nkumupana zala, ndipo anagwa. Khoti la apilo linati eni nyumba alibe mlandu, pakuti zoopsa zoterezi ndi za ntchito yeniyeniyo ndipo wodziwa ntchito ayenera kuziona ndi kudziteteza. Mlandu unagwera kampani imene inamulemba ntchito, chifukwa sinakhazikitse njira yotetezeka yogwirira ntchitoyo. Zigamulo za ku England za nthawi imeneyo sizimanga makhoti athu, koma oweruza amaziganizira. Ndere ya ku Mulunguzi inali poyera, aliyense ankaiona, ndipo amene anasankha poimika makwerero ndi iye. Munthu wodzilemba yekha ntchito ndiye wantchito, ndiyenso kampani yoyenera kukhazikitsa njira yotetezekayo.

Galimoto

Iyi sinavute. Mwini wake anali ndi inshuwalansi ya comprehensive, yolipiranso galimoto ya mwini wake ikawonongeka, kampani yake inamukonzera, kenaka kampaniyo inalembera kasitomala wanga kalata yofuna ndalama zake. Anabwera nayo ku ofesi kwanga akunjenjemera, akuganiza kuti amulanda nyumba. Ndi mmene zimayendera: kampani ikalipira kasitomala wake imalowa m'malo mwake nkukalonjerera kwa wolakwa. Kalatayo sitinaiyankhe, tinangoipititsa ku kampani yathu, makampani awiriwo nkumvana okha. Assessor anachotsapo kupindika kwina kwa pa chitseko kumene kunali kwakale, kochita dzimbiri, kumene wina anafuna kukulowetsa mu ngoziyi.

Kasitomala wanga analipira excess, gawo limene mwini policy amasenza yekha pa katundu wowonongeka. Pa policy yake linali 10 pa 100 iliyonse ya claim, koma osatsika pa ndalama ina yoikika. Ndinene pano kuti galasi la galimoto limachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zotere inakwera kwambiri. Amene anasankha malire a ndalama za policy yake zaka zapitazo ndipo sanawasinthe, awaonenso. Malire a bamboyu anakwanira.

Mayi wa sitiroberi

Kuvulala kwa munthu ndiko chifukwa chenicheni chokhalira ndi inshuwalansi imeneyi, popeza galasi lili ndi mtengo wodziwika pamene phazi la munthu mtengo wake amachita kuugamula. Makhoti athu amapereka chipukuta misozi pa ululu, pa zimene munthu sangathenso kuchita, pa chipsera, ndi pa ndalama zimene wataya. Panafunika lipoti la dokotala, malisiti a mankhwala ndi a kabaza, ndi umboni wa ndalama zimene amapeza pa geni yake.

Umboni womalizawu unali wovuta, chifukwa wogulitsa sitiroberi sadula lisiti. Chimene chinatithandiza ndi kabuku kake ka banki mkhonde. Mayiyu anabwera nako atakakulunga m'pepala la shuga, ndipo masamba ake anaonetsa masheya amene ankaponya sabata ndi sabata, kenaka masabata angapo opanda chidindo kuyambira tsiku la ngozi. Assessor anakalandira.

Achibale ake ankamufulumizitsa kuti asaine alandire msanga. Ine ndinalangiza kuti adikire bala lipole, dokotala aone ngati mtsempha wa chala sunakhudzidwe. Ndimaimira wotsuka mawindo, inde, koma mgwirizano wosainidwa mothamanga umadzabwereranso ndi loya, ndipo wovutika amakhala kasitomala wanga yemweyo. Changu chinalibe chifukwa, poti lamulo limapatsa munthu wovulala zaka zitatu zokasumira. Bala litapola, fomu yotsekera nkhani anamuwerengera m'Chichewa mwamuna wake ali pomwepo, nasaina. Ndalama za pa Mpamba zija kampani sinamubwezere kasitomala wanga, popeza anatumiza popanda chilolezo.

Magalasi a nyumba

Apa ndi pamene tinalimbana. Kampani poyamba inakana magalasi onse, maluvazi anayi ndi galasi lalikulu la pansi lomwe. Bamboyu atamva anakwiya. "Ndiye ndinagulira chiyani? Ine ntchito yanga ndi magalasi, chimene ndingaswe ndi galasi, inu mukuti galasi ayi?"

Funso lake ndi labwino, ndipo ndimalimvanso kwa amakanika, opaka penti ndi okonza magetsi. Policy ya public liability imachotsa katundu amene ali m'manja mwako kapena amene ukumugwirira ntchito pa nthawiyo. Kampani imati iyo ikuteteza ngozi zogwera anthu ena ndi katundu wawo, osati luso la manja ako. Ikanati izilipira chinthu chilichonse chimene mmisiri wawononga pochikonza, mtengo wa policy sukanafikirika. Maluvazi aja anawasolola yekha, anawasanjika yekha. Pamenepo sindinatsutse.

Galasi la pansi ndilo ndinakana kulisiya. Kampani inati kontrakiti yake inali yotsuka mawindo onse a nyumbayo, choncho windo lililonse linali pa ntchito. Ndinawalembera kuti awerengenso mawu a policy yawo, amene akunena za gawo la katundu limene likugwiridwa ntchito, osati nyumba yonse. Pa nthawi ya ngozi iye anali pamwamba. Windo la pansi anali asanalikhudze, ndipo linasweka chifukwa makwerero analimenya, monga mmene anamenyera galimoto. Ndinawakumbutsanso kuti mawu a policy akakhala omveka pawiri, makhoti amawamasulira mokomera kasitomala, poti amene anawalemba ndi kampani. Anavomera. Kenaka kunabwera funso la excess: akanati galasilo ndi claim yapayokha, ndalama yoikika ija ikanameza pafupifupi mtengo wake wonse. Koma ngozi inali imodzi, makwerero anagwa kamodzi, ndipo excess inawerengedwa kamodzi pa zonse.

Kampani ikanaumirira, njira inalipo. Woyang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala amene alephera kumvana ndi kampani. Sitinafikeko.

Maluvazi anayi anagula yekha ku hadiweya m'tauni.

Mnyamata, ndi mkono wa mwini wake

Mayi ake a mnyamata uja anabwera kuchokera ku Jali atamva kuti mayi wa sitiroberi walandira ndalama. Anamufunsa mchimwene wawo pamaso panga: "Achimwene, anthu akunja alipidwa, wanuwanu wavulala pa ntchito yanu yomweyo, iye ayi?"

Yankho linali ayi, ndipo linali lowawa kulinena. Public liability ndi ya anthu akunja. Munthu amene akukugwirira ntchito policy imamuchotsa, kaya umamulipira pa mwezi kaya pa tsiku, ndipo ambiri mwa mapolicy amenewa amachotsanso wachibale wokhala nawe nyumba imodzi. Wantchito wovulala pa ntchito njira yake ndi ya Workers' Compensation Act ya 2000, imene imaika udindo pa wolemba ntchito. Koma lamulo limenelo silikhudza wachibale wa bwana amene amakhala m'nyumba mwa bwanayo, ndiponso silikhudza munthu wodzilemba yekha ntchito. Mnyamatayu anagwera pakati: ku policy ndi wantchito, ku lamulo la antchito ndi wachibale. Chimene chinamutsalira ndi kusumira amalume ake kukhoti pa mlandu wa kusasamala, ndipo akanawina, ndalama zikanatuluka m'thumba la amalume omwewo amene amamudyetsa.

Ine ndimaona kuti mpata umenewu ndi waukulu kuposa wa magalasi, chifukwa ntchito zing'onozing'ono zambiri kuno zimayenda ndi ana a achibale. Mmisiri wa matabwa ku Matawale, wowotcherera zitsulo ku Mpondabwino, onse ali ndi mnyamata wa kumudzi wowagwirira. Satifiketi imene bungwe limafunsa pageti imateteza bungwelo ndi alendo ake. Za amene akugwira makwerero silifunsa.

Mkono wa bamboyu nawo sunalipidwe. Anakhala ndi pulasitala milungu isanu ndi umodzi, osakwera makwerero, ndipo loji ina imene ankatsuka mwezi ndi mwezi inapeza munthu wina. Personal accident ija, ikanakhala ndi gawo la malipiro a pa sabata, ikanamupatsako kenakake nthawi imeneyo.

Pokonzanso policy

Chaka chitatha kampani inavomera kupitiriza naye, koma inakweza mtengo ndi kuwonjezera lamulo lakuti makwerero azikhala ndi wowagwira kapena azimangidwa nthawi zonse pamene munthu ali pamwamba. Ndinamuwerengera lamuloli kawiri, chifukwa tsopano akatuma mnyamata ku mpope iye ali pamwamba, claim yotsatira ikhoza kukanidwa yonse. Anagula chingwe, ndipo amamangirira makwerero ku zitsulo zotchingira akuba za pa windo. Amatunganso madzi onse asanakwere.

Personal accident anagula ya anthu awiri, iye ndi mnyamatayo, maina onse olembedwa pa policy. Ubwino wake ndi wakuti imalipira popanda kufunsa wolakwa kapena chibale. Ndinafunsanso kampani ngati ingawonjezere magalasi amene akuwatsuka, monga amachitira makampani ena ku Britain kwa otsuka mawindo. Inavomera, koma mtengo wake pamodzi ndi excess zinaposa mtengo wa maluvazi amene angaswe pa chaka. Anakana, ndipo ine ndinagwirizana naye. Ndinangomuuza kuti tsiku limene adzapeze kontrakiti ya nyumba ya magalasi aakulu ochokera kunja, monga za mabanki, abwere tikambiranenso asanayambe.

Bungwe la ku Mulunguzi linamusunga, ndipo mwini nyumba anakonzetsa gatala. Nkhani ya mnyamata anaikamba pachibale ku Jali, ndipo anagwirizana kuti amalume ake amulipirire kosi ya zamagetsi. Fizi ya temu yoyamba analipira. Yachiwiri akuti adzalipira akalandira za kontrakiti.